Mbewu Yafika Koma Munda Sunakonzeke

Anzathu alimi, izi zimachitika chaka ndi chaka. Galimoto yafika ku kopaletivi ndi mitolo ya mbewu ya mbatata. Kapena wina wabwera kuchokera ku Metangula ndi mitengo ya chinangwa. Kapenanso mwagula mbande za kabichi mu msika wa Lichinga. Koma tsiku lomwelo simungathe kubzala. Mvula yadula, nthaka ndi youma. Mwina mizere sinathe. Mwina pamudzi pagwa maliro, ndipo palibe amene angagwire khasu.

Kodi mbewu ija tiitani? Ambiri amangoiponya pakhonde, amati tiiona mawa. Pakatha masiku anayi mbewu yafota, ina yawola. Ndalama za gulu zapita. Ndipo popeza kuno mvula yobzalira imabwera cha mu Novembala kapena Disembala, nthawi imene aliyense akusaka mbewu, kupeza ina m'malo mwake n'kovuta.

Mbewu ili m'magulu awiri

Chimanga ndi nyemba zouma zili ngati munthu amene ali m'tulo. Mungazisunge miyezi yambiri malinga pakhale pouma. Koma mbewu ya mbatata, mitengo ya chinangwa ndi mbande zili maso. Zikupuma, zikumwa madzi, ngakhale mwazichotsa m'nthaka. Kasungidwe kake n'kosiyana.

Tsamba lililonse lili ndi timabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Madzi amatulukira m'timabowo timeneti tsiku lonse. Ngati simukhulupirira, yesani izi: m'mawa vekani thumba la pulasitiki pa nthambi ya masamba, mumange kukamwa kwake. Masana mukaona madontho a madzi m'kati mwa thumbalo. Madziwo achokera m'masamba.

Chomera chikakhala m'munda, mizu imabwezera madzi amene masamba ataya. Mukachizula kapena kuchidula, masamba amapitiriza kutaya madzi, koma obwezera palibe. Kufota kumayambira pamenepo. Dzuwa limafulumizitsa kufota. Mphepo nayonso imafulumizitsa, ngakhale tsiku lozizira. Izi tizikumbukire ife a ku Lichinga. Timakhala pamtunda, mamita opitirira 1,300 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo kuno kumazizira kuposa ku Metangula. Kuzizirako kumatithandiza, koma mtolo wosiyidwa pamtetete umauma ndi mphepo yokha.

Pali mdani wina amene ambiri samudziwa. Masamba aawisi akaunjikidwa mulu amatentha okha, monga umatenthera mulu wa manyowa. Pisani dzanja m'kati mwa thumba la kholowa limene lagona usiku umodzi lomanga. Mumva kufunda. Kufunda kumeneko ndiye chiyambi cha kuwola.

Zimene amachita oweta nsomba m'magalasi

M'nyanja yathu ya Niassa, imene anzathu a tsidya lija amaitcha Nyanja ya Malawi, muli tinsomba tamawangamawanga totchedwa mbuna. Ku Ulaya ndi ku America anthu amaweta tinsomba timeneti m'nyumba, m'mathanki agalasi, kuti azingotiyang'ana. M'mathankimo amabzalamo zomera za m'madzi. Chimodzi mwa izo ndi udzu wa masamba aatali ngati lamba, umene ophunzira amautcha Vallisneria. Udzu umenewu umameranso m'nyanja yathu, m'malo osaya a mchenga.

Chomera cha m'madzi chilibe khungu lolimba loteteza tsamba. Mukachisiya pamtunda, chimauma msanga kuposa chomera chilichonse cha m'munda. Nanga anthuwo akagula chomera thanki isanakonzeke, amatani? Paulendo amachikulunga m'pepala lonyowa. Akafika kunyumba amamasula chingwe, nachotsa masamba owola. Kenaka amachiika m'ndowa ya madzi oyera, pamalo owala koma posafika dzuwa lamphamvu. Madziwo amawasintha pakapita masiku awiri kapena atatu. Ndipo sachedwa nacho m'ndowamo, amafulumira kuchibzala.

Taonani zimene achita. Amasula mtolo kuti mpweya upite. Apereka chinyezi. Apewa dzuwa. Afupikitsa masiku. Ifenso tichite zomwezo ndi mbewu zathu, kusiyana kwake n'kwakuti zomera za pamtunda sitizimiza m'madzi.

Pano tichenjezeko amene ali ndi madamu a nsomba. Musatole zomera za m'nyanja kapena za m'dambo n'kukaziponya m'damu lanu osaziyang'ana. Pa masamba ake pamamatirira tinkhono, ndipo tina mwa tinkhono timeneti ndi timene timafalitsa likodzo. Namasupuni ndiye musayerekeze n'komwe. Maluwa ake ndi okongola, koma amaswana msanga n'kutseka madzi onse. Asodzi a mu mtsinje wa Shire ku Malawi anavutika naye kwambiri.

Mbewu ya mbatata

Tiyambe ndi mbatata ya kholowa, chifukwa ndiyo imatayika kwambiri.

M'chaka cha 2011 dziko la Mozambique linatulutsa mitundu 15 ya mbatata yofiira m'kati, yopirira ku chilala. Ina mwa iyo ndi Irene, Sumaia ndi Delvia. Mbatata imeneyi ili ndi Vitamini A, amene amathandiza maso ndi kukula kwa ana. Mayi Maria Andrade, amene anatsogolera ntchito yopeza mitunduyi, analandira mphotho ya World Food Prize m'chaka cha 2016 pamodzi ndi anzawo. Mbatatayi inafikanso kuno ku Niassa. Koma mbatata sitibzala njere. Imayenda kuchoka kwa mlimi kupita kwa mlimi ngati mitolo yaiwisi. Mtolo ukafa panjira, ntchito yonse ya akatswiri aja yathera pomwepo.

Mbewu yabwino ndi ya kunsonga, yotalika masentimita 25 mpaka 30. Pamenepo ndi pafupifupi kutalika kwa phazi la munthu wamkulu. Ya kutsinde isiyeni, chifukwa nankafumbwe wa mbatata amakonda kuikira mazira kumeneko. Ya masamba opiringizika kapena achikasu isiyeninso, imeneyo ndi yodwala.

Mtolo ukafika, choyamba umasuleni. Musati mudye kaye nsima ayi, masulani nthawi yomweyo. Tayani zonse zimene zayamba kuterera ndi kununkha. Thotholani masamba a m'munsi, musiye awiri kapena atatu a kunsonga. Masamba akachepa, madzi otayika amachepanso. Masamba abwino amene mwathothola aja ndi ndiwo, musataye.

Tsono mangani timitolo ting'onoting'ono ndi luzi, mosathinitsa. Tiimikeni pansi pa mtengo wa mthunzi wabwino, kodulidwa kuloze pansi, pa dothi lonyowa. Kutirani m'munsi mwake ndi chiguduli chonyowa kapena udzu. Wazani madzi m'mawa ndi madzulo. Kuwaza, osati kukhuthulira ndowa yonse. Thumba la pulasitiki musaligwiritse ntchito, chifukwa mbewu imapsa m'menemo.

Mukatero mbewu ikhala bwino masiku 2 kapena 3. Mudzaona timizu toyera tikutuluka pa mfundo. Musadandaule, imeneyo ndi mbewu yamoyo, ndipo imagwira msanga. Koma timizuto n'tosachedwa kuthothoka, choncho ponyamula ndi pobzala gwirani mosamala.

Nanga masiku atatu akatha mvula osabwera? Apa musapitirize kudikira ndi mbewu ili pamtolo. Pitani nayo kudimba. Konzani bedi, muibzale mothithikana, masentimita 10 kuchoka pa ina kufika pa inzake, masentimita 20 pakati pa mizere. Muzithirira. Pakatha masabata 6 mpaka 8 mudzadula mbewu yatsopano, yochuluka kuposa imene munalandira. Inde mwachedwa kubzala, koma mtundu simunataye. Ife tikuona kuti kopaletivi iliyonse iyenera kukhala ndi bedi lotere pafupi ndi madzi, mbewu isanabwere n'komwe.

Tiwerengeko pang'ono. Pa mzere timabzala mbatata motalikana masentimita 30. Ndiye kuti mzere wa mamita 30 umadya mbewu 100. Ngati lero mwakonza mizere 5 yotere, dulani mbewu 500 basi. Yotsalayo ikhale pa tsinde lake kudimba. Palibe malo osungira mbewu oposa pamenepo.

Mitengo ya chinangwa

Chinangwa n'chopirira. Anthu a m'mphepete mwa nyanja, ku boma la Lago, amene chakudya chawo chachikulu ndi chinangwa, amadziwa kuti mtengo wake umatha kudikira. Koma ukhale wautali. Cholakwa chachikulu ndi kuduladula mitengo tizidutswa tsiku limene yafika. Kachidutswa kali ndi mabala awiri, ndipo madzi amathawira mbali zonse ziwiri.

Sungani mitengo yathunthu, yotalika mita imodzi kapena kuposa. Imangeni m'mitolo, muiimike pamthunzi, maso ake aloze kumwamba monga inalili m'munda. Kumunsi kwake kulowe m'dothi lofewa pang'ono, ngati kutalika kwa chala. Kukauma thirirani dothilo. Ikatero imakhala mwezi umodzi, ngakhale iwiri, koma mphamvu yake imanka ichepa. Kawirikawiri muziyang'ana chiswe.

Tsiku lobzala ndi pamene mudule. Tayani nsonga zouma za mbali zonse. Palani khungu pang'ono ndi chikhadabo: m'kati mukakhala mobiriwira ndi monyowa, mtengo uli moyo. Dulani ndi chikwanje chakuthwa masentimita 25 mpaka 30, mfundo 5 mpaka 7. Ndipo musaponye mitolo pansi potsitsa pagalimoto. Maso akanyuka, mphukira ichokera kuti?

Mbande za ndiwo zamasamba ndi mpunga

Izi ndiye sizidikira. Kabichi, tomato, anyezi ndi repu ziwokeredwe tsiku lomwe zazulidwa, madzulo dzuwa litapepa. Thirirani nazale musanazule kuti mizu ituluke ndi dothi lake. Ngati mwagula kutali, vikani mizu m'matope ophwanyika ngati phala, mukulunge ndi tsamba la nthochi kapena chiguduli chonyowa, masamba akhale kunja. Zigone pamalo ozizira usiku umodzi, mawa lake zilowe m'nthaka.

Mbande za mpunga zokha ndi zimene mungaimike mizu yake m'madzi osaya, pamthunzi. Nazonso zisapitirire tsiku limodzi kapena awiri.

Mbande za mitengo

Aliyense wa ku Lichinga amaidziwa mitengo ya paini ndi bulugamu imene yazungulira tawuni yathu. Yonseyo inayamba ngati mbande, ndipo mbande za mitengo n'zodula. Za zipatso, monga malalanje ndi mapeyala, ndiye n'zodula koposa.

Mbande za m'machubu sizivuta. Ziimikeni chilili, moyandikana, pamalo a mthunzi pang'ono, otchingidwa ku mbuzi ndi nkhuku. Muzithirira. Ponyamula gwirani chubu, osati tsinde. Zikakhala masabata angapo, muzisuntha machubu kamodzi pa sabata. Mukapanda kutero muzu umaboola chubu n'kulowa pansi, ndipo tsiku lonyamula mudzaudula, mbande n'kufota. Musaziike m'nyumba mwamdima. Chomera chosowa kuwala chimayezuka, chimatalika chowonda, ndipo chikatuluka padzuwa chimapsa.

Koma pali mbande zina zimene zimabwera zopanda chubu, mizu ili pamtunda. Izi n'zosachedwa kufa. Mizu yake isaone dzuwa ngakhale kanthawi kochepa. Ngati maenje sanakonzeke, chitani izi. Pamthunzi kumbani kangalande kakuya ngati mutu wa khasu, mbali imodzi ikhale yotsetsereka. Masulani mtolo. Gonekani mbande motsamira mbali yotsetserekayo, imodziimodzi, mizu ili m'ngalande, masamba ali kunja. Kwirirani mizu yonse ndi dothi lonyowa, mutsendere pang'ono ndi phazi kuti musatsale mphako. Thirirani. Uku si kubzala ayi, ndi kugoneka chabe. Mbande zingakhale choncho sabata imodzi kapena awiri. Mukazisiya nthawi yaitali zimamera mizu yatsopano, ndipo pozula mudzaipweteka kachiwiri.

Pasakhale pamalo podikha madzi. Mizu nayo imapuma. Ena amaika mbande za mitengo m'ndowa ya madzi sabata yathunthu, poganiza kuti akuzichitira chifundo. Mizu imada, imanunkha, basi yawola. Kuviika kwa maola ochepa musanabzale n'kwabwino, koma kwa masiku ayi.

Ntchito ya gulu

Mbewu ya munthu mmodzi imasamalidwa. Ya gulu ndi imene imafera pabwalo, chifukwa aliyense amati mnzanga athirira. Pa msonkhano sankhani anthu awiri, mayina awo alembedwe m'buku la kopaletivi. Mmodzi azithirira m'mawa, wina madzulo. Mlembi alembe tsiku limene mbewu yadulidwa, osati limene yafika. Funsani wobweretsayo kuti, "Kodi bambo, mbewuyi mwadula liti?" Ngati yagona masiku awiri panjira, ndiye kuti masiku ake atsala pang'ono kutha, ndipo imeneyo ikhale yoyamba kubzalidwa.

Inu amene mwaphunzira kulemba, nayi ntchito yanu. Tengani kathabwa kapena kachikatoni, mulembepo dzina la mtundu ndi tsiku, mumangirire pa mtolo uliwonse. Mitolo ya mbatata ikafota pang'ono imafanana yonse, ndipo Irene akasakanikirana ndi Delvia mudzazindikira mochedwa, zitamera kale.

Mvula ikagwa yokwanira, pisani chala m'mzere. Ngati chinyezi chalowa kupitirira kutalika kwa chala, itanani anzanu. Nyamulani mbewu yokwanira mizere yochepa, yophimbidwa ndi chiguduli chonyowa. Yotsala ikhale pamthunzi mpaka mutabwera kudzatenga ina.