Kompyuta yakale ikhoza kukonzanso zithunzi mwachangu, bola mudziwe pamene ikuchedwera

Ojambula zithunzi ambiri m'mizinda ya Lilongwe, Lusaka, Tete ndi Harare amagwirira ntchito yawo pa makompyuta a patebulo omwe anatumikirapo kale m'maofesi a mayiko akunja asanafike kuno ngati katundu wa kaunjika. Makina monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre ndi olimba ndithu, koma ochuluka mwa iwo anagulidwira ntchito yolemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama. Mwini wake akangogula kamera yamakono, kompyutayo imayamba kukwawa. Chithunzi chimodzi chimatenga nthawi kuti chitseguke, ndipo zithunzi za ukwati wa Loweruka, zomwe eni ake analonjezedwa kuti alandira Lachitatu, zimafika Loweruka linalo zisanakonzedwe.

Ambiri akafika pamenepa amagamula kuti makinawo akalamba ndipo ayenera kutayidwa. Chigamulochi nthawi zambiri chimakhala chofulumira. Pa makompyuta omwe anapangidwa pakati pa 2013 ndi 2017, processor, yomwe ndiyo imachita masamu onse, kawirikawiri imakhala idakali ndi mphamvu zokwanira. Zomwe zimaichedwetsa ndi malo osungiramo mafayilo komanso kuchepa kwa RAM, ndipo zipangizo ziwirizi zimasinthika popanda kugula kompyuta ina.

Chisokonezo china chimayambira pa mawu. Pocheza, anthu amatchula liwu limodzi la Chingerezi lakuti memory ponena zinthu ziwiri zosiyana, kotero munthu amene wauzidwa kuti "memory yachepa" akhoza kukagula chinthu chosakhudzana ndi vuto lake. Ntchito yosinja chimanga imathandiza kulekanitsa ziwirizi. Hard disk ndi nkhokwe, momwe zonse zimakhala ngakhale magetsi atazima. RAM ndi mtondo: mumalowa chimanga chokhacho chomwe chikusinjidwa panthawiyo, ndipo kompyuta ikazimitsidwa simutsala kanthu. Processor ndi wosinjayo. Mtondo ukachepa, kapena wokatapa chimanga kunkhokwe akamachedwa, wosinja amangoima ndi musi m'manja ngakhale akhale wamphamvu chotani.

Ndipo zithunzi ndi zolemera. Fayilo ya RAW yochokera m'kamera ya megapixel 24 imakhala ya pafupifupi 25 MB, kotero zithunzi 1,000 za mwambo umodzi zimadya malo okwana 25 GB. Ikatsegulidwa mu Photoshop, fayiloyo imafufuma. Chithunzi chotere chili ndi timadontho 24 miliyoni, kadontho kalikonse kamapangidwa ndi mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndipo pa 16-bit mtundu uliwonse umatenga ma byte awiri. Zonse pamodzi ndi 144 MB pa chithunzi chimodzi, wojambula asanaonjezepo layer ngakhale imodzi. RAM ikadzaza, Photoshop imayamba kulemba zotsalazo pa disk, pamalo otchedwa scratch disk, ndipo ngati disk imeneyo ndi yachikale yozungulira, apa ndi pamene kompyuta imaoneka ngati yauma.

Yambani mwafunsa kompyutayo

Munthu asanatulutse ndalama ayenera kuona kaye pamene pali vuto. Pa Windows 10 ndi 11, kudina mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kumatsegula Task Manager, ndipo tsamba la Performance limaonetsa momwe processor, RAM ndi disk zikugwirira ntchito. Tsegulani tsambalo pamene mukukonza zithunzi monga mwa masiku onse, kenaka yang'anani chomwe chikufika kumapeto. Disk ikakhala pa 100 peresenti pamene processor ikupuma, vuto ndi disk. RAM ikamafika cha ku 90 peresenti, mtondo wachepa. Koma processor ikakhala pa 100 peresenti pamene mukutulutsa zithunzi mazana nthawi imodzi, palibe chalakwika. Imeneyo ndiyo ntchito yake, ndipo SSD kapena RAM sizingaifulumizitse kwenikweni. Wogulitsa amene akulonjeza kuti SSD ithetsa kuchedwa kulikonse akukokomeza.

Kwa ambiri, komabe, yankho loyamba limakhala SSD yomweyo. Hard disk yachikale ili ndi mbale zozungulira maulendo 7,200 pa mphindi imodzi, zina 5,400, ndi kasingano kothamanga pamwamba pake kufunafuna fayilo. Ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu imafika pakati pa 100 ndi 200 MB pa sekondi. SSD ilibe chozungulira chilichonse, ndipo yolumikizidwa pa SATA imafika pafupifupi 550 MB pa sekondi. Kusiyana kwenikweni sikuli pa manambala amenewa ayi. Kasingano ka hard disk kamatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi kuti kafike pamalo atsopano, pamene SSD imapeza malowo mofulumira kuwirikiza maulendo makumi ambiri. Pulogalamu monga Lightroom Classic imawerenga timafayilo ting'onoting'ono masauzande ochuluka, ta catalog ndi ta zithunzi zoonetsera, ndipo pa ntchito yotereyi ndi pamene hard disk imagonja.

Masiku ano ogulitsa amakopa anthu ndi SSD za mtundu wa NVMe, zomwe pa PCIe 3.0 zimafika 3,500 MB pa sekondi. Nambalayi ndi yoona, koma pa kompyuta yakale sikoyenera kuithamangira. Makina monga OptiPlex 7010, ya mu 2012, alibe malo a M.2 omwe NVMe imalowamo, ndipo ngakhale italowetsedwa kudzera pa khadi ya PCIe, makina ambiri a zaka zimenezo sangathe kuyatsira Windows pa iyo. Imangokhala yosungirapo mafayilo. OptiPlex 7040, yomwe inatuluka mu 2015, ili nawo malowa, ndipo pamenepo NVMe ndi yoyenera. Pokonza zithunzi, kuchoka pa hard disk kupita pa SSD ya SATA kumasintha zinthu moti aliyense amaona tsiku lomwelo. Kuchoka pa SATA kupita pa NVMe, ambiri saonapo kusiyana kwenikweni.

Poika SSD, samalani pomwe nthambo yalumikizidwa. Motherboard zina zili ndi malo a SATA a mitundu iwiri, SATA III ndi SATA II yakale, yomwe imatsekereza SSD pansi pa 300 MB pa sekondi. Buku la makinawo, lomwe limapezeka pa intaneti, limanena malo othamangawo. Windows ikhoza kusamutsidwa yonse monga ilili pogwiritsa ntchito mapulogalamu omwe makampani monga Samsung amapereka mwaulere kwa ogula SSD zawo, ngakhale kuti pa kompyuta yomwe yadutsa m'manja ambiri ndi bwino kuiika mwatsopano. Wosankha njira yachiwiriyi aonetsetse kaye mu BIOS kuti SATA ili pa AHCI, chifukwa kusintha zimenezi Windows itaikidwa kale kungachititse kompyuta kukana kuyaka.

Hard disk yakaleyo isatayidwe. Pa SSD ya 500 GB kapena 1 TB pakhale Windows, mapulogalamu, catalog ya Lightroom, scratch disk ndi zithunzi za ntchito yomwe ikuchitika sabata imeneyo. Ntchito ikatha, zithunzizo zisamukire pa hard disk, pomwe malo ndi otsika mtengo ndipo kuthamanga sikufunika. SSD yodzaza mpaka pakamwa imachedwa polemba, kotero gawo limodzi mwa magawo asanu lizisiyidwa lopanda kanthu.

Pali vuto lina lomwe lingadyetse munthu ntchito yake yonse. Pamisika pamapezeka SSD zachinyengo, zomwe zimauza kompyuta kuti ndi za 1 TB kapena 2 TB pamene mkati muli malo ochepa kwambiri. Zimalandira mafayilo osadandaula, koma malo enieniwo akatha, zithunzi zimaonongeka mwakachetechete, ndipo mwini wake amazindikira tsiku lomwe kasitomala wabwera. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza disk yonse ndi kuiwerenganso kuti itsimikize kukula kwake, pamene CrystalDiskInfo imaonetsa maola omwe disk yagwirapo ntchito, zomwe zimathandiza wogula yakaunjika. Mayeso amenewa achitike chithunzi chilichonse chisanalowepo.

RAM, ndi zina zotsatira

Kampani ya Adobe imati Photoshop imafuna RAM yosachepera 8 GB, ndipo imalimbikitsa 16 GB kapena kuposerapo. Makina ambiri a m'maofesi anabwera ndi 4 kapena 8 GB. Kuwafikitsa pa 16 GB ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma RAM siigulidwa mwachimbulimbuli. DDR3, yomwe ili m'makina ambiri a 2014 kubwerera m'mbuyo, singalowe pamalo a DDR4, chifukwa kamphako ka pansi pake kali pamalo osiyana. Ya laputopu ndi yaifupi ndipo siikwana mu kompyuta ya bokosi lalikulu, pamene ya ma server, yomwe imaoneka yotchipa pa kaunjika, nthawi zambiri imakanidwa ndi makina a m'maofesi. Ziwiri zofanana za 8 GB zimathamanga kuposa imodzi ya 16 GB, popeza processor imaziwerenga zonse nthawi imodzi. Motherboard iliyonse ilinso ndi malire ake, ndipo Windows ya 32-bit siiona RAM yoposa 4 GB ngakhale mutaikamo yochuluka bwanji.

Chakumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM yatsopano inakwera kwambiri padziko lonse, kaamba kakuti makampani omanga makompyuta akuluakulu a AI anali kugula zochuluka. Mwini kompyuta ya DDR3 ali ndi kamwayi kake pamenepa, chifukwa RAM yotere imapezeka m'makina ena akale omwe anasiya kugwira ntchito. RAM siitha msanga, ndipo yakaunjika ikhoza kuyesedwa ndi Windows Memory Diagnostic, yomwe ili kale mu Windows.

Khadi ya zithunzi, yomwe ambiri amaitcha graphics card, ibwere pomaliza. Imathandiza pa zida zatsopano monga Denoise, yomwe Adobe inaika mu Lightroom mu 2023, koma makina ang'onoang'ono a m'maofesi ali ndi malo opapatiza ndi magetsi osafika ma watt 300, kotero makhadi amphamvu sangakwanemo. Chomwe sichifuna ndalama n'komwe ndi kuchotsa fumbi. Processor ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro pofuna kudziteteza, ndipo m'kutentha kwa mwezi wa October, fani yodzaza fumbi imachedwetsa makina abwinobwino. Musanagwire za mkati, zulani nthambo ya magetsi ndipo khudzani chitsulo cha bokosilo.

Wojambula asaiwale kuti SSD imafa mosiyana ndi hard disk. Hard disk nthawi zambiri imachenjeza ndi phokoso kapena kuchedwa, pamene SSD ikhoza kungoleka tsiku lina m'mawa, ndipo kupulumutsa zomwe zinali mkati ndi kovuta komanso kodula. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, yemwe analemba buku la The DAM Book, ndiye anatchukitsa lamulo la 3-2-1: fayilo iliyonse ikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope imodzi isungidwe kumalo ena. Kwa amene intaneti imamudulira, hard disk yonyamulika yosungidwa kunyumba ya wachibale imakwaniritsa gawo lomalizali. Kuzima kwa magetsi, monga kumene kunavuta ku Zambia mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, kungaononge catalog ngati magetsi athima kompyuta ili mkati molemba. UPS yaing'ono imapereka mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa makina bwinobwino.

Pali makompyuta ena omwe sayenera kuthiridwanso ndalama zambiri. Kampani ya Microsoft inasiya kuthandizira Windows 10 pa 14 October 2025, kupatula kwa omwe analowa m'ndondomeko yake yapadera yoonjezera nthawi, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 komanso processor ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Photoshop yatsopano nayo imafuna processor yokhala ndi AVX2, yomwe Intel inayamba kuika mu 2013, ndipo ma Pentium ndi Celeron ambiri a zaka zimenezo alibe. Makina otere akhoza kugwirabe ntchito ndi Linux pamodzi ndi mapulogalamu aulere a darktable, RawTherapee ndi GIMP, yomwe inafika pa 3.0 mu March 2025, ngakhale kuti wozolowera Adobe adzafunika masabata angapo kuti aphunzire njira zatsopano.

Amene akuganiza zodzagula kompyuta ina m'tsogolo awerengere chomwe adzanyamuke nacho. SSD ya SATA, hard disk yonyamulika ndi UPS zidzagwiranso ntchito pa makina atsopanowo. RAM ya DDR3 idzatsalira m'bokosi lakalelo, kotero igulidwe yokwanira 16 GB basi.