Ola la pa Risiti Limachokera Kuti?

Uthenga wa pa foni wotsimikizira kuti ndalama zalowa umabwera ndi tsiku ndi ola, ndipo pakabuka mkangano, ola limenelo ndi lomwe limaima ngati mboni. Mboni imeneyi tiyenera kuidziwa bwino tisanaikhulupirire. Kompyuta siisunga miyezi kapena masiku ngati kalendala ya pakhoma. Mapulogalamu oyendetsa makompyuta ndi mafoni monga Linux, Android ndi ena a banja la Unix amangowerenga masekondi omwe adutsa kuchokera pa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, pomwe Windows imayambira pa 1 Januwale 1601. Pulogalamu ikafuna kudinda nthawi, imafunsa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ndipo imapatsidwa nambala imodzi yaitali. Nambalayo imasandutsidwa tsiku ndi ola molingana ndi dera, n'chifukwa chake ku Lilongwe ndi ku Lusaka amaonjezera maola 2 pa UTC.

Nambalayi siigwa kumwamba. Kompyuta ikazimitsidwa, kawotchi kamkati kamapitiriza kuyenda ndi kabatire kofanana ndi ndalama yachitsulo, koma kamatha kutsogola kapena kutsalira. Pofuna kukonza izi, makompyuta amayerekezera nthawi yawo ndi mawotchi olondola kudzera pa intaneti, pogwiritsa ntchito njira ya NTP yomwe David Mills anaikonza m'zaka za m'ma 1980. Popeza wotchi ya kompyuta imatha kubwezedwa m'mbuyo, ngakhale ndi dzanja la munthu, pali inanso yomwe imangopita patsogolo, yoyezera kutalika kwa nthawi yomwe ntchito yatenga.

Ena anganene kuti izi n'za akatswiri, ndiponso kuti makina sanama. N'zoona kuti nthawi zambiri ola limakhala lolondola, koma makinawo amangobwereza zomwe wotchi yawo yawauza, ndipo malo osungira nambala ali ndi malire. Makina akale omwe amasunga masekondi m'malo ochepa a mabiti 32 adzafika pa 2,147,483,647 pa 19 Januwale 2038, kenako adzayamba kuonetsa chaka cha 1901 ngati sakonzedwa. Choncho banki, khoti kapena ofesi ya boma ili ndi udindo wosunga nthawi mu UTC ndi kuonetsetsa kuti mawotchi ake akuyerekezeredwa. Inunso pa mlandu wa ndalama, musakhutire ndi chithunzi cha pa foni: funsani kuti nthawiyo inadindidwa ndi kompyuta ya ndani.