Malita otayika mu nkhali, ukali wosadziwika m'botolo

Imfa za anthu angapo mumzinda wa Blantyre mu Epulo 2024, omwe anamwa mowa umene unkadziwika ndi dzina loti "Ambuye ntengeni", zinadzutsanso mantha pa zakumwa zofululidwa kunyumba, ndipo manthawo anafika m'maboma ngati Mulanje, kumene masese, kachasu ndi otheka wa Alhomwe sizisowa pa Chitakale, pa Limbuli, pa Muloza ngakhalenso m'midzi yozungulira minda ya tiyi, makamaka anthu akangolandira malipiro. Monga zimakhalira nthawi zonse, zokamba za anthu zinathamangira ku ziwembu ndi kuthirirana mankhwala, pamene funso losavuta koma lofunika kwambiri, loti kodi m'botolo limene munthu wagula muli ethanol wochuluka bwanji, silinamveke. Ethanol ndiye mankhwala oledzeretsa amene ali mu mowa wamtundu uliwonse, ndipo mowa usanatchezedwe, kuchuluka kwake kumachokera ku masamu a zinthu ziwiri zokha: shuga amene yisiti wadya, ndi malita a madzi amene shugayo anasungunukamo.

Anthu amene amafulula mowa wochepa m'makhitchini a ku Ulaya, America ndi South Africa anazindikira kale kuti pa zinthu ziwirizi, chovuta kuchigwira ndi malita. Mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni amene amagwiritsa ntchito, monga BeerSmith ndi Brewfather, asanawerengere munthu chimera kapena shuga, amayamba amufunsa za ziwiya zake: mphika wake umalowa malita angati, ndi madzi ochuluka bwanji amene amatsalira pansi pa mpope osatuluka, ndi malita angati amene amauluka ngati nthunzi pa ola limodzi la kuwira, ndiponso ndi ochuluka bwanji amene amatayidwa pamodzi ndi nsenga za pansi. Wofulula akalakwitsa manambala amenewa, pulogalamuyo imamulonjeza mowa wa 5 peresenti, iye n'kupeza wa 4 kapena wa 7, ngakhale kuti chimera anachiyeza bwinobwino pa sikelo. Mayi wofulula masese ku Mulanje sagwiritsa ntchito pulogalamu yotere, koma nkhali kapena mgolo wake umataya madzi m'njira zomwezo, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti iye amayeza ndi diso ndi lilime.

Kutayika koyamba kumachitika mu ufa ndi chimera. Kilogalamu imodzi ya chimera imamwa pafupifupi lita imodzi ya madzi, ndipo madziwo amapita ndi zotsalira pa nthawi yosefa, kotero kuti amene wathira makilogalamu 5 a chimera ndi ufa m'malita 25 asayembekezere kutunga malita 25. Kwina kumabwera pozizira, chifukwa madzi owira amatenga malo aakulu kuposa ozizira ndi pafupifupi 4 peresenti. Malita 25 oyezedwa ali pamoto amakhala 24 akazizira.

Kutayika kumene kumasokoneza kwambiri ofulula mowa wochepa ndi kwa nthunzi, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa bwino. Madzi sauluka kuchokera m'kati mwa mphika monse mofanana ayi. Kuchuluka kwa nthunzi yotuluka pa ola kumatengera ukali wa moto ndi kukula kwa kukamwa kwa chiwiya, osati kuchuluka kwa madzi amene ali m'katimo. Izi zikutanthauza kuti mphika umodzi pa moto umodzi umataya malita ofanana pa ola, kaya wadzaza kaya uli theka. Mwachitsanzo, ngati nkhali imataya malita 2 pa ola, amene akuphika malita 40 wataya gawo limodzi mwa magawo 20, koma amene akuphika malita 10 mu nkhali yomweyo wataya gawo limodzi mwa magawo 5. Shuga sauluka ndi nthunzi, amatsala, choncho mowa wochepa uja umatuluka wokhathamira ndi shuga kuposa mmene mwini wake anaganizira, ndipo ukasasa umakhala waukali kuposa wa mnzake. N'chifukwa chake mapulogalamu aja amalola wofulula kulemba kutayika kwa nthunzi m'malita pa ola, pakuti amene walemba peresenti imene anaipeza pa mowa wambiri amasokera akachepetsa mowa wake. Pa chitofu cha gasi nambala imeneyi imakhazikika munthu akaiyeza kamodzi kapena kawiri ndi madzi wamba. Pa mafuwa, pomwe lero nkhuni ndi za bulugama zouma ndipo mawa ndi zitsononkho zonyowa, komanso mphepo ya chiperoni ikuwomba pansi pa mphika, nambalayi imasintha tsiku ndi tsiku, ndipo pamenepa m'pamene pagona chifukwa chimodzi chimene mowa wa mayi mmodzi yemweyo umakomera sabata ino n'kugwetsa anthu sabata yamawa, popanda wina kuthiramo kanthu.

Masamu a shuga ndi osavuta. Yisiti, kamoyo kosaoneka ndi maso kamene kamasasitsa mowa, amasandutsa pafupifupi theka la kulemera kwa shuga kukhala ethanol ndipo theka linalo limatuluka ngati mpweya umene umachititsa thovu. Ofulula amawerengera kuti magalamu pafupifupi 17 a shuga m'lita imodzi amapereka 1 peresenti ya ethanol. Makilogalamu 2 a shuga m'chigubu cha malita 20 amapereka mowa wa pafupifupi 6 peresenti, koma shuga yemweyo m'malita 16 amapereka woposa 7 peresenti. Yisiti wamba amafooka ethanol akafika pa 14 kapena 15 peresenti, ndipo malire amenewa ndiwo amateteza omwa masese ku ukali wopitirira.

Kutcheza kachasu kumachotsa malirewo. Ethanol amawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa madigiri 100, kapena pang'ono pansi pake m'malo okwera ngati Mulanje, kotero nthunzi yoyamba kutuluka mu mtsuko n'kudutsa mu paipi yoziziritsidwa ndi madzi imakhala ndi ethanol wambiri, ndipo imanka ichepa mphamvu pamene kutcheza kukupitirira. Malita 20 a mowa wa 6 peresenti ali ndi ethanol wokwana lita 1.2. Wotcheza akamutengera yense m'malita 3, kachasu wake ali pa 40 peresenti. Akapitiriza kukhetsa mpaka malita 6 kuti mabotolo achuluke, ali pa 20 peresenti. Ndipo akapatula mutu, kachasu woyamba kukha uja, n'kuugulitsa pawokha, botolo limenelo likhoza kupitirira 60 peresenti. Mabotolo onsewa amaoneka chimodzimodzi. Botolo la mamililita 300 la kachasu wa 40 peresenti lili ndi magalamu pafupifupi 95 a ethanol, omwe ndi ofanana ndi mabotolo 7 a mowa wa m'sitolo wa 5 peresenti wa mamililita 330, ndipo pali anthu amene amamwa awiri otere m'mimba mulibe nsima. Mowa wa m'fakitale umalembedwa ukali wake pa chikuto ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi mphamvu yoyendera opanga ake. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 ndipo linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa mu 2017, koma zonsezi sizinaike nambala pa botolo la kachasu.

Anthu akafa atamwa mowa, yankho limene limafulumira kutuluka m'madera a m'mbali mwa Ruo ndi Shire, monganso kutsidya ku Mozambique, ndi lakuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Bodza limeneli lakhala nthawi yaitali mopitirira muyeso, ndipo lawononga mbiri ya anthu osalakwa. Mu 1984 Norman Nyazema, katswiri wa zamankhwala pa yunivesite ya Zimbabwe, anayesa ndulu ya ng'ona pa nyama ndipo sanapeze poizoni amene anthu amamunena. Zaka 31 pambuyo pake, mu Januwale 2015, anthu oposa 230 anadwala ndipo 75 anamwalira ku Chitima m'chigawo cha Tete atamwa mowa wa pombe pobwera kumaliro, ndipo ndulu ya ng'ona inatchulidwa nthawi yomweyo, manyuzipepala a maiko akunja n'kumabwereza ngati nkhani yotsimikizika. Zotsatira za kafukufuku zitatuluka mu Novembala chaka chomwecho, zinasonyeza kuti mu ufa wa chimanga umene anafululira mowawo munamera bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli, yemwe amapanga poizoni wotchedwa bongkrekic acid, ndipo ufawo unali utawonongeka ndi madzi osefukira. Poizoniyu amatseka njira imene maselo a thupi amapangira mphamvu, amawononga chiwindi, impso ndi ubongo, saphedwa ndi kuphika, ndipo alibe mankhwala omuthetsa. Mayi amene anafulula mowawo anali m'gulu la omwalira, zimene zikanayenera kuchititsa manyazi onse amene ankafunafuna mfiti.

Nkhani ya Chitima ikukhudza Mulanje mwachindunji, chifukwa bomali limalandira mvula yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ananyowetsa chimanga ndi ufa m'nyumba zosawerengeka. Chizolowezi chakuti chimanga chimene chavunda, chosayenera nsima, chipite ku mowa, n'chofala ndipo n'choopsa. Kafukufuku wa Limbikani Matumba ndi anzake, wofalitsidwa mu 2011, anapeza aflatoxin, poizoni wa chuku amene amayambitsa khansa ya chiwindi, m'chimera cha mapira ndi mu mowa wa masese wa m'chigawo chakummwera. Kusasa sikuchotsa poizoni ameneyu m'mowa wosatchezedwa. Omwa amamumeza pamodzi ndi masese.

Poizoni wina, amene amapha mwamsanga ndi kuchititsa khungu, ndi methanol. Amapangika pang'ono pamene zipatso zokhala ndi pectin, chinthu chimene chimalimbitsa makoko ndi mnofu wa zipatso, zikusasa, kotero kachasu wa masuku kapena mango amakhala naye wochulukirapo kuposa wa madeya ndi shuga, koma imfa za anthu ambiri nthawi imodzi padziko lonse kawirikawiri zimachokera ku methanol wa m'mafakitale amene wogulitsa wathira dala kuti mowa uchuluke. Chikhulupiriro chakuti kutaya madontho oyamba kumachotsa methanol yense, chifukwa iye amawira pa madigiri 65, si choona pa mtsuko ndi paipi wamba, pakuti methanol amamatirana ndi madzi ndipo amatuluka pang'onopang'ono kuyambira ku mutu mpaka kumapeto. Nakonso kuyatsa kachasu ndi machesi kumangosonyeza kuti ndi waukali, sikusiyanitsa ethanol ndi methanol. Ngakhale hydrometer, kachipangizo kagalasi koyandama kamene ofulula amayezera shuga ndi ukali, sikamuona methanol, ngakhale kuti kakanathandiza kwambiri kuti wogulitsa adziwe ngati botolo lake lili pa 25 kapena pa 55 peresenti.

Mamililita 10 a methanol akhoza kuchititsa khungu ndipo 30 akhoza kupha munthu wamkulu. Chiwindi chimamusandutsa formic acid, yemwe amawononga mtsempha wa maso ndi kuchulukitsa asidi m'magazi, ndipo popeza kusandukaku kumatenga nthawi, zizindikiro monga kupweteka kwa mutu ndi m'mimba, kusanza, kupuma mothamanga ndi kuona ngati chifunga zimayamba patapita maola 12 mpaka 24, nthawi imene achibale amati ndi matsire chabe. Munthu amene wayamba kuona mwachimbuuzi tsiku lotsatira atamwa kachasu ayenera kutengeredwa msanga ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Mulanje Mission, pamodzi ndi botolo limene anamwa ndi mayina a amene anamwa naye, chifukwa odwala kwambiri amafunika makina osefa magazi, ndipo apafupi ali ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 60.