Thumba la Chipatala ndi Chikumbumtima cha Mkhristu

M'phunziro lino tiona funso limene lafikitsa Akhristu m'makhoti kwa zaka zoposa khumi: kodi boma lingakakamize mpingo kulipirira antchito ake njira zolerera, pamene mpingowo umaphunzitsa kuti njirazo ndi tchimo? Mlanduwu unabuka ku America, koma ukukhudzanso inu amene mumatimvera ku Unit D mu Chitungwiza, ku Lusaka kapena ku Lilongwe. Aliyense amene amadulidwa ndalama ya medical aid pa malipiro ake ali kale m'kati mwa nkhaniyi.

Poyamba timve chimene Mpingo wa Katolika umaphunzitsa, pakuti mlandu sagamula asanamve mwini wake. Kufikira chaka cha 1930 mipingo yonse ikuluikulu inkakana kulera kwa mankhwala ndi zipangizo. M'chaka chimenecho mabishopu a Anglican, pa msonkhano wao wa ku Lambeth, analola okwatirana kulera ngati pali zifukwa zomveka. Papa Pius XI anatsutsa zimenezi chaka chomwecho m'kalata yotchedwa Casti Connubii, ndipo pa 25 July 1968 Papa Paul VI anatsimikizanso chiphunzitsocho m'kalata ya Humanae Vitae. Mfundo yake ndi yakuti pamene mwamuna ndi mkazi wake akhala malo amodzi, Mulungu analumikizapo zinthu ziwiri, chikondi ndi kubereka, ndipo munthu sayenera kuzilekanitsa mwadala. Chotero mapiritsi, jakisoni, lupu, kondomu ndi kutseketsa zonse zimakanidwa. Mpingowo suletsa kupereka mpata pakati pa mwana ndi mnzake. Umalola kulera kwachilengedwe, kumene banja limadziletsa pa masiku amene mayi angatenge pathupi.

Nanga mkangano unayamba bwanji? Ku America anthu ambiri amalandira inshuwalansi ya chipatala kudzera kwa owalemba ntchito. Mu 2010 Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo la Affordable Care Act, ndipo mu 2011 boma linalamula kuti inshuwalansi yotere izilipira njira zolerera popanda mayi kuonjezerapo kanthu. Matchalitchi anapatulidwa, koma zipatala, masukulu aukachenjede ndi nyumba zachifundo za mipingo sizinapatulidwe. Wokana amayembekezera chindapusa cha madola 100 pa tsiku pa wantchito aliyense wokhudzidwa. Maepiskopi a Katolika, motsogozedwa ndi Timothy Dolan wa ku New York, anakanitsitsa.

Mu February 2012 boma linapereka njira yapakati: kampani ya inshuwalansi ndiyo izilipira, osati bungwe la mpingo, ndipo pambuyo pake linati bungwelo lingosaina chikalata chonena kuti likukana. Apa Akatolika anagawikana. Sisitere Carol Keehan, amene ankatsogolera mgwirizano wa zipatala za Katolika, anailandira njirayo. Koma asisitere a Little Sisters of the Poor, amene amasamalira nkhalamba zosauka, anakana kusaina.

Mwina mungadabwe kuti kusaina pepala kunavuta pati. Yankho lili m'chiphunzitso cha Katolika pa za kuthandiza nawo tchimo la munthu wina. Taganizani za mbuzi yobedwa. Mmisiri amene anasula mpeni chaka chatha alibe mlandu wofanana ndi munthu amene wagwira miyendo ya mbuziyo pozinga. Onse awiri athandiza, koma wina ali patali ndipo wina ali pafupi. Asisitere aja anaona kuti siginecha yao ndiyo inkatsegula khomo kuti mankhwalawo aperekedwe kudzera mu inshuwalansi yao yomwe, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kugwira miyendo.

Akhristu a mipingo ya uthenga wabwino analowanso m'mlanduwu. Banja la a Green, eni masitolo a Hobby Lobby, silinakane kulera konse. Linakana njira 4 zokha mwa njira 20, pokhulupirira kuti zingaononge moyo umene wayamba kale. Mu 2014 khoti lalikulu linawakomera, oweruza 5 kwa 4. Mu 2020 khotilo linavomereza, oweruza 7 kwa 2, kuti boma linali ndi mphamvu yopatula mabungwe ngati a asisitere aja. Komabe mu 2025 woweruza wina ku Philadelphia anathetsanso malamulo owapatulawo.

Tisaiwale kuti mbali inayo ili ndi mau akenso. Namwino kapena wophika wa pa chipatala cha mishoni angathe kukhala wosakhala Mkatolika. Iye anganene kuti inshuwalansi ndi gawo la malipiro amene wakhetsera thukuta, ndipo abwana sayenera kumlondola kufikira kuchipinda. Pali amayi ena amene dokotala wawachenjeza kuti pathupi pena pangawatengere kumanda. Misozi yao Mulungu amaiona, ndipo Yakobo 5:4 amachenjeza kolimba abwana amene amabweza m'thumba chimene chili cha wantchito.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Ku Zambia lamulo la 2018 linakhazikitsa NHIMA, thumba la dziko lonse kumene wantchito amapereka 1 peresenti ya malipiro ake ndipo abwana amaonjezera 1 peresenti ina. Njira zolerera zinaikidwa m'gulu la chithandizo cha thumbalo. Ku Malawi zipatala za mipingo za mu CHAM zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zaumoyo, ndipo mayi wofuna jakisoni amene ali pafupi ndi chipatala cha Katolika amayenera kukafuna kwina. Ku Zimbabwe, kumene bungwe la boma la ZNFPC lakhala likufalitsa za kulera pansi pa lamulo la 1985, ndi anthu ochepa okha amene ali ndi medical aid ya CIMAS kapena PSMAS, ndipo boma lakhala likukamba zoyambitsa thumba la dziko lonse. Malamulo aakulu a dzikoli a mu 2013 ali ndi mbali zonse ziwiri: gawo 76 limapatsa nzika ufulu wa chithandizo cha uchembere, pamene gawo 60 limateteza chikumbumtima ndi chipembedzo. Mayi wa ku Unit D wogwira ntchito pa sukulu ya mishoni waima pakati pa magawo awiriwa.

Kodi Mau a Mulungu akutiunikira zotani? Baibulo limatcha ana mphatso yochokera kwa Yehova mu Salmo 127, ndipo limaletsa kukhetsa mwazi wosachimwa. Koma silitchula piritsi kapena jakisoni, ndipo n'chifukwa chake ife sitimanga okwatirana ndi lamulo la Humanae Vitae. Pa za thumba la boma, kumbukirani kuti Ambuye Yesu pa Mateyu 22 analola msonkho wa Kaisara, ngakhale ndalama za Kaisara zinkamanganso akachisi a mafano. Wopereka ku thumba la onse ali ngati wosula mpeni uja. Koma Aroma 14 amatiphunzitsa kuti munthu wochita chinthu chimene mtima wake ukumtsutsa wachimwa, ndipo wokakamiza mbale wake kutero wamuikira chokhumudwitsa. Chotero, ngakhale tisiyane ndi Akatolika pa za kulera, sitingaombe m'manja pamene boma likupinda dzanja la sisitere kuti asaine. Mpanda umene ukuteteza chikumbumtima chake lero ndi womwewo udzateteza chathu mawa. Boma likafuna kuti mayi aliyense apeze chithandizochi, lili ndi zipatala zake ndi thumba lake.

Inu olemba anzanu ntchito, auzeni poyera asanayambe chimene inshuwalansi yanu imalipira ndi chimene siilipira. Inu okwatirana, funsani anamwino momwe njira iliyonse imagwirira ntchito m'thupi, kambiranani awirinu, ndipo mugwade pamaso pa Mulungu musanasankhe. Ambuye akudalitseni kufikira tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.