Kodi Mumadziwa? Zigamba Zotseka Mabowo a Akuba pa Kompyuta

Foni ikalemba kuti pali update, ambirife timaikankhira mawa poopa kuti bandulo itha. Komatu kauthenga kameneko nthawi zambiri kamabwera ndi chigamba chotseka bowo limene mbava za pa intaneti zalidziwa kale. Zambiri mwa zigambazi zimachokera ku mapulogalamu a open source, aja amene malangizo ake onse, omwe akatswiri amati khodi, ali poyera kuti aliyense awerenge, akonze ndi kugawira anzake. Nazi mfundo zoonetsa mmene chigamba chimasokedwera, mmene chimayesedwera, ndi zimene zimachitika chikachedwa.

CHIGAMBA NDI ENI AKE

Kodi mumadziwa kuti liwu loti patch limatanthauza chigamba chenicheni? Makompyuta oyambirira ankawerenga malangizo pa makadi ndi pa mapepala aatali oboolaboola. Pakalakwika, ankamata kapepala pabowo lolakwikalo, kapena kudula mbali yoipayo n'kulumikizapo ina. Mu 1985, Larry Wall analemba pulogalamu yotchedwa patch yothandiza kuti munthu azitumiza mizere yokhayo imene yasintha. Ndi nzeru ya telala: buluku likang'ambika pabondo, sasoka lina, amangoika chigamba pomwepo.

Kodi mumadziwa kuti ngati muli ndi foni ya Android, ndiye kuti open source ili m'thumba mwanu? Mtima wa Android ndi Linux, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Ngakhale DHIS2, pulogalamu imene unduna wa zaumoyo ku Malawi ndi ku Zambia umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, ndi ya open source ndipo imayang'aniridwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Bowo likapezeka kutali, mphepo yake imafika mpaka kwathu.

KUYESA MSANATULUTSE

Kodi mumadziwa kuti Linux yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10 alionse, koma masabata awiri okha ndi amene amalandira zinthu zatsopano? Masabata awiriwo akatha, Torvalds amatseka chitseko n'kutulutsa yoyesera yoyamba, yotchedwa rc1. Kuyambira pamenepo chololedwa ndi kukonza zolakwika basi. Sabata iliyonse, kawirikawiri Lamlungu, kumatuluka yoyesera ina mpaka rc7, ndipo mavuto akachuluka amawonjezera rc8. Nthawi yoyesa imaposa nthawi yomanga katatu.

Kodi mumadziwa kuti Debian, umodzi mwa mitundu ya Linux, ili ndi bwalo lapadera lothyolerapo zinthu? Pulogalamu yatsopano imayamba yalowa m'gawo lotchedwa unstable, limene dzina lake lina ndi Sid. Dzinali analitenga kwa mnyamata wa mu filimu ya Toy Story amene ankakonda kuphwanya zidole. Ikakhala masiku angapo osavuta, imasamukira ku gawo la testing. Kenako gawoli amaliumitsa kwa miyezi, osalola chatsopano chilichonse, mpaka zolakwika zikuluzikulu zitatha. Ikatero m'pamene imatchedwa stable, yoti mabanki ndi masukulu angaidalire.

Kodi mumadziwa kuti nambala ya Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ndi kalendala? Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa Ubuntu mu 2004, ndipo dzinali ndi lomwe ife timati umunthu. Imatuluka mu Epulo ndi mu Okutobala, choncho Ubuntu 24.04 ndi ya mu Epulo 2024. Pazaka ziwiri zilizonse kumatuluka ya LTS, imene imalandira zigamba za chitetezo kwaulere kwa zaka 5.

Kodi mumadziwa kuti pali pulogalamu imene mayeso ake ndi aakulu kuposa iyo yomwe maulendo oposa 500? Imeneyi ndi SQLite, imene Richard Hipp anayamba mu 2000 ndipo imasunga zinthu mu foni iliyonse ya Android ndi iPhone. Pa mzere umodzi wa khodi pali mizere mazanamazana yongouyesa. Amayesa ngakhale zimene zingachitike magetsi atathima pulogalamuyo ili pakati polemba.

Kodi mumadziwa kuti njira ina yoyesera ndi kudyetsa pulogalamu zinyalala dala? Njirayi imatchedwa fuzzing. Makompyuta amaithira mafayilo opotoka ndi zilembo zopanda mutu usiku ndi usana, kudikira kuti igwe. Ikagwa, pamenepo pali mng'alu. Google inatsegula ntchito ya OSS-Fuzz mu Disembala 2016, ndipo pofika 2023 inali itathandiza kupeza mabowo a chitetezo oposa 10,000 m'mapulogalamu pafupifupi 1,000.

PAMENE MASO ANAPHONYA

Kodi mumadziwa kuti bowo lotchuka la Heartbleed linalowa pa 31 Disembala 2011, anthu akukonzekera chaka chatsopano? Linali mu OpenSSL, pulogalamu imene imabisa zimene mumalemba pa intaneti kuti ena asawerenge. Wolemba khodiyo anaiwala kufufuza chinthu chimodzi, ndipo wowunika wake sanachione. Vuto lake linali lotere: kompyuta yanu imatumiza liwu kwa seva, kompyuta yosunga webusaiti, n'kuiuza kutalika kwake, kuti ibweze liwu lomwelo posonyeza kuti ili maso. Wakuba ankatumiza liwu lalifupi ngati "nsima" koma n'kunama kuti lili ndi zilembo 64,000. Seva inkakhulupirira. Inkabweza "nsima" uja pamodzi ndi zonse zimene zinali pafupi m'malo ake osungira zinthu: mapasiwedi a anthu, mauthenga, ngakhale makiyi achinsinsi. Bowoli linakhala zaka ziwiri mpaka Neel Mehta wa ku Google ndi kampani ya Codenomicon ya ku Finland analipeza. Linalengezedwa pa 7 Epulo 2014, tsiku lomwe chigamba chinatuluka. Maseva pafupifupi 500,000 anali pachiopsezo, ndipo ku Canada bungwe lotolera misonkho linaberedwa manambala a nzika 900.

Kodi mumadziwa kuti pa nthawiyo OpenSSL inkalandira zopereka zokwana madola pafupifupi 2,000 okha pachaka? Pulogalamu yolondera chuma cha dziko lonse inali m'manja mwa anthu owerengeka, ambiri ongodzipereka. Khodi kukhala poyera sikutanthauza kuti pali amene akuiwerenga. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Heartbleed itachitika makampani akuluakulu anasonkha ndalama kudzera ku Linux Foundation kuti athandize ntchito zoterezi.

Kodi mumadziwa kuti chigamba nachonso chikhoza kung'amba nsalu? Mu 2006, wosamalira OpenSSL ku Debian anachotsa mizere iwiri imene chida choyesera chinkaidandaula. Cholinga chinali chabwino, koma mizereyo ndi imene inkachititsa kuti makiyi achinsinsi akhale osalotereka. Itachoka, makiyi a mtundu uliwonse otheka kupangidwa anangotsala pafupifupi 32,000, oti wakuba akhoza kuwayesa onse mmodzimmodzi. Luciano Bello wa ku Argentina anatulukira vutoli mu Meyi 2008, ndipo aliyense amene anapanga makiyi pa Debian kapena Ubuntu m'nyengoyo anayenera kuwataya.

Kodi mumadziwa kuti bowo likhoza kugona zaka 25? La Shellshock linalowa mu pulogalamu ya Bash mu 1989, koma Stéphane Chazelas analipeza mu Sepitembala 2014. Chigamba choyamba sichinatseke bwino, ndipo pasanathe tsiku ofufuza ena anali atapeza polowera pena.

Kodi mumadziwa kuti vuto limodzi linafuna zigamba zinayi m'mwezi umodzi? Pa 24 Novembala 2021, Chen Zhaojun wa ku Alibaba anauza bungwe la Apache za bowo mu Log4j yawo, kapulogalamu kolemba zochitika kamene kali mkati mwa mapulogalamu ena zikwizikwi. Nkhani inaphulika pa 9 Disembala, ndipo pa sikelo yoyezera kuopsa bowoli linapatsidwa 10 pa 10. Mu masewera a Minecraft kunali kokwanira kungolemba mawu ena pocheza kuti ulande seva. Anthu odzipereka anasoka chigamba mothamanga: 2.15.0 inali ndi mpata, 2.16.0 inapezekanso ndi vuto, kenako 2.17.0, ndipo 2.17.1 inatuluka pa 28 Disembala. Apa m'pamene pali mfundo yovuta ya ntchitoyi. Ukachedwa akuba alowa, ukathamanga usoka mokhota.

CHINSINSI PABWALO

Kodi mumadziwa kuti ngakhale mu open source muli zinsinsi? Wopeza bowo amayamba wanong'oneza eni pulogalamu, ndipo iwo amagawana chigamba mwakachetechete ndi magulu monga Debian, Red Hat ndi SUSE kuti onse ayese n'kutulutsa tsiku limodzi. Chifukwa chake n'chakuti chigamba chikangoonekera, wakuba amachiwerenga n'kudziwa pamene pang'ambika. Gulu la Project Zero la Google limapereka masiku 90, ndipo akatha limaulula ngakhale simunakonze.

Kodi mumadziwa kuti mabowo ambiri odziwika ali ndi nambala zawo ngati chiphaso? Ndondomekoyi imatchedwa CVE ndipo bungwe la MITRE ku America linaiyamba mu 1999. Heartbleed ndi CVE-2014-0160. Nambalayi imathandiza kuti katswiri wa ku Lilongwe ndi wa ku Tokyo adziwe kuti akukamba za chinthu chimodzi.

THEKA LA SEKONDI

Kodi mumadziwa kuti theka la sekondi linapulumutsa maseva a dziko lonse? Mu Malichi 2024, Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amalemba nawo PostgreSQL, ankayeza liwiro la pulogalamu yake pa Debian Sid, bwalo lothyolerapo zinthu lija. Anaona kuti SSH, khomo limene oyang'anira maseva amalowera ali kutali, ikudya mphamvu yambiri ya kompyuta ndipo ikuchedwa ndi theka la sekondi. Wina akanangoti ndi netiweki. Iye anatsata phazi mpaka anafika ku xz Utils, kapulogalamu kopanikiza mafayilo, n'kupeza khomo lakuseri lobisidwa mwaluso m'mafayilo amene ankaoneka ngati oyesera. Analengeza pa 29 Malichi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi mumadziwa kuti woika khomolo anakhala zaka zoposa ziwiri akudzionetsa ngati mthandizi wabwino? Ankadzitchula Jia Tan. Mwini xz, Lasse Collin, ankagwira ntchitoyi yekha kwaulere ndipo anali atatopa. Panabwera maina ena omupanikiza kuti ntchito ikuchedwa, apeze womuthandiza. Pang'ono ndi pang'ono Jia Tan anapatsidwa makiyi, ndipo anaika msampha wake mu 5.6.0 ndi 5.6.1. Msamphawo unafika m'magawo oyesera a Debian ndi Fedora, koma sunafike mu Debian stable, Ubuntu LTS kapena Red Hat Enterprise Linux. Miyezi yodikira ija, imene ena amaiona ngati kutaya nthawi, ndi imene inatchinga. A Ubuntu anachedwetsa yoyesera ya 24.04 ndi sabata imodzi kuti amangenso mapulogalamu awo.

MBALI YANU

Kodi mumadziwa kuti kuba kwina kwakukulu kwambiri kunachitika chigamba chilipo kale? Kumayambiriro kwa Malichi 2017, a Apache anatulutsa chigamba cha pulogalamu ya Struts. Kampani ya Equifax ya ku America, yosunga mbiri ya ngongole za anthu, sinachiike pa seva ina. Akuba analowa pakati pa Meyi n'kukhalamo mpaka kumapeto kwa Julayi, ndipo anatenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira mpaka madola 700 miliyoni. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kodi mumadziwa kuti foni yanu ya Android imanena tsiku limene inalandira chigamba chomaliza? Mu 2015, bowo la Stagefright litaonetsa kuti foni ikhoza kulandidwa ndi uthenga umodzi wa MMS, Google inayamba kutulutsa zigamba za Android mwezi ndi mwezi. Lowani mu Settings, pitani pa About phone, fufuzani pamene palembedwa security update kapena security patch level. Ngati tsikulo lapitirira chaka, mabowo ambiri amene alengezedwa kuchokera pamenepo akadali otsegula, pa foni yomwe mumasungira ndalama ndi zithunzi za ana anu.

Amene anapeza bowo anachita mbali yake, wosoka chigamba anachita yake, oyesa anachitanso yawo. Inu amene mumayang'anira makompyuta a pa ofesi, pa sukulu kapena pa chipatala, yesani chigamba pa makina amodzi kaye, mukaona kuti zili bwino chiikeni pa onse sabata isanathe. Ndipo inu a foni m'manja, uthenga wa update ukabweranso, pezani Wi-Fi kapena patulani bandulo, muike lero lomwe.