Nthata ya Varroa ndi Chakudya cha Njuchi m'Nyengo ya Chisanu

M'maiko a kumpoto monga Britain, Germany ndi Canada, njuchi za mtundu wa Apis mellifera zimatha miyezi ingapo osatuluka kukasaka chakudya, chifukwa kuyambira Novembala mpaka cha mu Malichi maluwa amasowa ndipo kunja kumazizira moti njuchi youluka patali imauma n'kufera panjira. Kunja kukazizira kufika pa madigiri 14 Celsius, njuchi zimayamba kuunjikana pakati pa zisa, zina pamwamba pa zinzake, ndipo zimanjenjemeretsa minofu ya mapiko popanda kuwakupiza kuti zitulutse kutentha, ntchito imene imadya uchi usana ndi usiku. Njuchi zimene zimapirira nyengoyi si zofanana ndi za m'chilimwe, pakuti pamene za m'chilimwe zimafa pakatha masabata asanu ndi limodzi, izi zimakhala ndi moyo mpaka miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo mphamvu yake imachokera ku chiwalo chosunga mafuta ndi mapuloteni chimene chili m'mimba mwake.

Chiwalo chomwechi ndicho chakudya cha nthata yotchedwa Varroa destructor, monga momwe kafukufuku wa Samuel Ramsey ndi anzake anasonyezera mu 2019, ngakhale kuti kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti imayamwa magazi a njuchi. Nthatayi ndi yofiirira, yaphwatalala, m'lifupi mwake ndi mamilimita 1.6 okha, ndipo imakakamira pathupi la njuchi ngati nkhupakupa pa ng'ombe. Kwawo kwenikweni ndi ku Asia, kumene inkakhala pa njuchi za mtundu wa Apis cerana zimene zinaizolowera kalekale, koma itasamukira pa Apis mellifera inafalikira mofulumira, kufika ku United States mu 1987, ku Britain mu 1992 ndi ku Australia mu 2022. Ku South Africa inapezeka mu 1997, koma njuchi za kumeneko zinayamba kulimbana nayo zokha patangopita zaka zochepa, mwa zina chifukwa ana a njuchizi amakula msanga ndiponso zimachotsa ana ogwidwa ndi nthata. Njuchi zambiri za ku Ulaya zilibe mwayi umenewu, ndipo mng'oma wosathiridwa mankhwala kawirikawiri umatha m'zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka chifukwa cha mavairasi amene nthatayi imafalitsa, monga amene amapinimbiritsa mapiko.

Nthata yaikazi siingaswane pena paliponse koma m'chipinda cha chisa momwe muli mphutsi ya njuchi. Imalowamo chipindacho chisanamatidwe ndi phula, n'kuikira mazira m'kati, ndipo kwa masiku pafupifupi 12 imakhala yobisika pamodzi ndi ana ake kumene mankhwala ambiri safika. N'chifukwa chake pakati pa chisanu pali mpata umene supezekanso chaka chonse: cha mu Disembala mfumukazi imachepetsa kapena kulekeratu kuikira mazira, zipinda zomatidwa zimatha, ndipo pafupifupi nthata zonse za mumng'oma zimakhala poyera pa matupi a njuchi zikuluzikulu. Mankhwala amene alimi amadalira panthawiyi ndi asidi wa oxalic, yemwe amapezekanso mwachilengedwe m'masamba ena odyedwa, ndipo akathiridwa mumng'oma mulibe ana omatidwa amapha nthata zoposa 90 pa 100 zilizonse.

Kathiridwe kake kali pawiri. Ena amamusungunula m'madzi a shuga n'kudontheza mamililita 5 pa mpata uliwonse wa pakati pa zisa momwe mukuoneka njuchi, ndipo zimenezi zimachitika kamodzi kokha pa nyengo chifukwa kubwereza kumapweteka njuchi zomwezo. Ena amamutenthetsa pa kachitsulo kolowetsedwa pakhomo la mng'oma kuti asanduke nthunzi imene imafika paliponse popanda kutsegula chivundikiro, koma nthunziyo imaononga mapapo ndi maso a munthu, motero wothirayo ayenera kuvala chophimba kumaso choyenerera asidi, osati kansalu wamba.

Komabe pali chinthu chimene alimi atsopano amachedwa kuchimvetsa, ndipo n'chimene chimathetsa ming'oma yambiri. Mankhwala a mu Disembala sachiritsa njuchi zimene zinadyedwa kale ndi nthata zidakali mphutsi mu Ogasiti ndi Seputembala, pakuti chiwalo chosunga mafuta chikaonongeka njuchiyo imafa chisanu chisanathe. Ntchito ya mankhwalawa ndi kuteteza ana amene adzabadwe chaka chikubweracho, pamene njuchi zodutsa m'chisanu zimatetezedwa ndi mankhwala a kumapeto kwa chilimwe, uchi utangokololedwa, monga thymol, asidi wa formic kapena amitraz. Kusinthasintha mankhwala n'kofunikanso, popeza m'maiko ambiri nthata zinapima kale ku fluvalinate ndi flumethrin amene poyamba ankagwira ntchito bwino.

Nkhani ya chakudya nayo imayamba chisanu chisanafike. Ku Britain mng'oma umodzi umafuna uchi wokwana makilogalamu pafupifupi 20 kuti udutse nyengoyi, ndipo kumadera ozizira kwambiri a ku Canada umafuna wochuluka kuposa pamenepo. Ngati uchi wachepa, mlimi amapereka madzi a shuga okhathamira, magawo awiri a shuga woyera pa gawo limodzi la madzi, mu Seputembala kudakali kofunda kuti njuchi ziumitse madziwo n'kumata zipinda. Kukazizira madzi a shuga sathandizanso, chifukwa njuchi zimalephera kuwaumitsa, amawonjezera chinyezi mumng'oma ndipo amatha kusasa. Shuga wofiirira sayenera nthawi ina iliyonse, pakuti ali ndi zotsalira zimene njuchi sizigaya, ndipo njuchi yosatha kutuluka kukadzithandiza imatsegula m'mimba pa zisa pomwepo.

M'kati mwa chisanu mlimi amayesa kulemera kwa mng'oma pounyamula pang'ono mbali imodzi, ndipo ukapepuka amaika fondant, yemwe ndi shuga wokandidwa wofewa, pamwamba penipeni pa mulu wa njuchi. Malowa ndi ofunika chifukwa njuchi zozizidwa sizichoka pa mulu, moti zimatha kufa ndi njala uchi uli m'chisa chachitatu kuchokera pamene zili. Njala imapha kwambiri mu Febuluwale ndi Malichi, mfumukazi itayambiranso kuikira mazira, chifukwa pakati pa mulu pamayenera kutentha madigiri 35 kuti ana akule, ndipo uchi umatha mofulumira kuposa mwezi wina uliwonse wa m'mbuyo. Pa chifukwa chomwechi chakudya cholowa m'malo mwa mungu sichiyenera kuperekedwa msanga, pakuti chimachititsa njuchi kulera ana ambiri maluwa asanatuluke, ndipo mwana aliyense womatidwa ndi chipinda chatsopano choswaniramo nthata zimene zinapulumuka mu Disembala.