Kuyeletsa nthaka ya ku Kabwe: nchito ya katswili wa miyala ndi mwayi wa makampani ang'onoang'ono

Ambili a ife timadziŵa katswili wa miyala ndi nthaka ngati munthu wofufuza mkuwa kapena golide. Koma pali ena amene nchito yawo imayamba mgodi ukatsekedwa. Iwo amafufuza poizoni wotsala m'nthaka ndi m'madzi, ndipo amatsogolela pomucotsa.

Citsanzo ndi Kabwe. Mgodi wa mtovu ndi zinki, umene kale unali kuchedwa Broken Hill, unagwila nchito kwa zaka pafupifupi 90 mpaka pamene unatsekedwa mu 1994. Fumbi la mtovu linatsala m'makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu. Ana amalimeza poseŵela pansi, ndipo mtovu ukaloŵa m'magazi umawononga ubongo, mwana n'kumavutika kuphunzila. Mu 2016, World Bank inavomeleza ngongole ya madola 65.6 miliyoni ya pulojekiti ya ZMERIP, yothandiza Kabwe ndi matauni ena a ku Copperbelt.

Kodi katswiliyu amacita ciyani? Amatenga dothi pabwalo la nyumba, kusukulu ndi m'ngalande, n'kulipima kuti adziŵe kuculuka kwa mtovu ndi kuya kumene wafika. Kenako amajambula mapu oonetsa malo oyenela kuyambila. Akatelo amalangiza cocita: kupala dothi lapamwamba, kuthila dothi labwino, kuyala njelwa kapena kubzala kapinga kuti fumbi lisauluke.

Apa m'pamene pali mwayi wa anthu athu. Kukumba, kututa dothi, kuumba njelwa ndi kukonza ngalande ndi nchito zimene kampani yaing'ono ingakwanitse. Cimene cimagwetsa ambili ndi mapepala. Kuti kampani ipikisane pa kontrakiti ya boma, iyenela kulembetsa ku PACRA, kukhala ndi cikalata ca ZRA coonetsa kuti misonkho ili bwino, ndi kulembetsa pa e-GP, njila ya pa intaneti ya ZPPA. Nchito zomanga zimafunanso satifiketi ya National Council for Construction.

Katswili amene wagwila nchito zotele kwa zaka amadziŵa zimene opeleka makontrakiti amayang'ana. Angathandize mwini kampani kuŵelengela mtengo woona, kulemba mmene adzatetezela anchito ku fumbi, ndi kusonyeza kumene dothi loipa lidzatayidwa motsatila malamulo a ZEMA. Angalangizenso kampani yatsopano kuyamba ndi kacigawo ka nchito pansi pa kampani yaikulu, kuti ikhale ndi mbili yoonetsa.

Conco, abale ndi alongo amene muli ndi makampani, konzani mapepala anu nchito isanalengezedwe, cifukwa masiku opelekela mafomu amakhala ocepa. Ndipo acinyamata athu okonda sayansi adziŵe kuti maphunzilo a miyala ndi nthaka alipo ku School of Mines ya University of Zambia. Mtovu suwola, ndiye nchito yoyeletsa Kabwe idzafuna manja kwa zaka zambili.